Atelala Agwidwa Akubera pa Gulu la Chifalansa

Atelala, mayi wosoka pakhonde la sitolo ya nsalu, anali ndi chowawa chimodzi: mdzukulu wawo wa zaka zisanu, wobadwira kunja, ankalankhula Chifalansa chokhachokha. Akaimbirana pa vidiyo ankangomwetulirana, kenako mwanayo n'kuthawa kukasewera. Zinkawapweteka mtima, osanama.

Ndiye analowa gulu la pa foni la ophunzira Chifalansa, anthu a m'maiko osiyanasiyana. Lamulo linali lakuti aliyense alembe kanthu m'Chifalansa tsiku lililonse. Koma mayi amenewa, ulesi! Anatulukira kuti foni imamasulira yokha. Iwo kulemba m'chinenero chawo, foni kutembenuza, basi n'kuponya pa gulu, phazi lili pa makina osokera.

Anthu anawatamanda mpaka woyang'anira gulu, namwino wina wamagalasi, analengeza kuti Loweruka Atelala atsogolera macheza a pa vidiyo, poti ndiwo akatswiri. Mwaonatu!

Loweruka nkhope zinadzaza foni. Namwino anawafunsa funso lalitali m'Chifalansa. Atelala kukamwa yasa, osamvapo kanthu, thukuta kamukamu. Manyazi atawakwana analemba mawu, foni n'kuwamasulira komaliza: "Ndakhala ndikubera. Sindidziwa kanthu. Ndikungofuna kucheza ndi mdzukulu wanga."

Kenako dalaivala wina wa lole anakweza dzanja akuseka: nayenso ankabera. Manja enanso anayi anakwera. Tsikulo gulu linasiya zonse, linagwira Atelala n'kuwabwerezetsa ziganizo ziwiri mpaka foni inatentha.

M'mawa mwake anaimbira mdzukulu uja. Ndi Chifalansa chopotoka anati, "Ndikusokera diresi. Ukufuna mtundu wanji?"

Mwanayo anafa nalo phwete. Anatchula mawuwo bwinobwino, n'kuwaloza ndi chala kuti abwereze. Atelala anabwereza, iye n'kuwakonzanso, kasanu konse. Kenako mwanayo anayankha za mtunduwo ndi liwu limodzi, koma Atelala sanamve. Analitchulanso. Ayi ndithu.

Mwana uja anatsika pampando, liwiro. Pa foni panangotsala mpando ndi khoma. Atelala anakhumudwa kwambiri. "Basi, wathawanso," anatero, chala chikupita kukadula.

Asanadule, anamva timapazi tikubwerera. Mdzukulu anatulukira ali wefuwefu, atanyamula kapu yachikasu, n'kuikankhira pafoni mpaka nkhope yake inabisika.

Lolemba m'mawa Atelala anagula nsalu yachikasu mamita awiri. Kasitomala wina amene anabwera kudzatenga thalauza anauzidwa kuti abwere Lachinayi.