A Ambros Pakati pa Zilombo

Lamlungu loyamba la Disembala a Notburga, amene m'mudzi muno tonse timangowatchula kuti a Burgi, anadya chakudya chamasana chiimirire. Filimu inali yoti iyambe thu koloko ku holo ya ozimitsa moto, koma iwo wani koloko isanakwane anali atavala kale jasi, atamanga nsapato zoyendera m'chipale chofewa cha nyengo yozizira ino, angokhala pa benchi la pakhomo ngati munthu wodikira basi.

Chaka chatha nyengo ngati yomweyi kunabwera anthu a ku Vienna, likulu la dziko lathu, ndi makamera awo, ati akujambula filimu ya pa Khirisimasi, yoopsa koma yoseketsa. Chinthu choopsa n'kukhalanso choseketsa, kaya zimatheka bwanji, ndi nzeru za m'tauni zimenezo. Anapempha makrampusi athu onse khumi ndi awiri, zilombo zija zimatsikira m'mudzi madzulo a pa 5 Disembala kudzakwapula osamvera: zikopa za mbuzi thupi lonse, nkhope zosema zamtengo, nyanga, mabelu a ng'ombe kumsana. Mmodzi mwa khumi ndi awiriwo anali a Ambros, amuna awo a Burgi. Mu Epulo a Ambros anagwa m'khola foloko ya udzu ili m'manja, mtima utangoima, ndipo sanadzukenso.

Zithunzi zawo zinalipo, zodzaza kabati. Koma bambo aja akaona kamera ankangouma gwa ngati mzati wa mpanda, manja m'mbali, nkhope ngati akuimbidwa mlandu. Panalibe ngakhale pamodzi pamene ankaoneka akuyenda. Ndiye a Burgi ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuwaonanso amuna awo akuyenda, ngakhale mphindi imodzi. Patangopita miyezi isanu ndi itatu anali atayamba kale kuiwala mayendedwe awo, ndipo zimenezi zinkawaopsa kwambiri.

Vuto linali lakuti m'mudzi muno sitinena amene ali m'kati mwa chilombo. Nkhope zonse zimasungidwa m'nkhokwe ya udzu ya a Vitus, mkulu wa gululo, ndipo chaka chilichonse amunawo amagawana mwamaere atatseka chitseko. Mkazi safunsa, mwamuna sanena. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati a Ambros ankabwera kunyumba akununkha mbuzi, n'kunama osaphethira kuti anali kokonza thirakitala ya mnzawo. Komanso a Burgi anali atadzimanga okha ndi pakamwa pawo. Pa maliro, anthu akudya msuzi, ananena mokweza kuti amuna awo angawadziwe ngakhale mutawasokera m'thumba. Mudzi wonse unamva, ndipo mudzi uno suiwala.

M'holo munali modzaza, fungo la majasi onyowa ndi vinyo wotentha lili guu. A Zenzi, mchemwali wa malemu, anawakodola ali pa mzere wachitatu.

"Alamu, kuchedwa kumeneku bwanji? Mpandowu ndaugwira ndi chikwama chitulukireni m'tchalitchi. Ansembe okha aufuna kawiri."

"Ndimadyetsa nkhuku."

"Nkhuku zake ziti? Zija tinadya mu Okutobala?"

Zoona zake, a Burgi anali ataima kuseri kwa holo theka la ola, miyendo ikukana kulowa.

A Leonhard, aphunzitsi a pasukulu, anatseka makatani n'kudina kompyuta. Kutsogolo kunakhala alendo awiri a ku Vienna, eni ake filimu, atatembenuza makosi kuti aone mmene tiilandirire. Nkhani yake inali ya banja lina la m'tauni lomwe labwera kudzadyera Khirisimasi m'kanyumba ka kuphiri, anthu ake okhalira kukangana za mphatso, mpaka zilombo zinayamba kuwatola mmodzimmodzi n'kumawaponya m'madengu. Koma ndani anali ndi nthawi yotsatira nkhani?

"Nkhokwe yanga iyo!" anakuwa wina kumbuyo.

"Ukanaipaka penti, taona watichititsa manyazi dziko lonse!"

Bambo wa m'filimu atatuluka kukawaza nkhuni atavala masilipasi, amuna onse anabuula pamodzi. "Adzitema phazi ameneyu, mulandeni nkhwangwayo!" Ndiye chilombo choyamba chitasuzumira pawindo, akazi a wophika buledi anakuwa kuti mayo, n'kukhuthulira vinyo pa bondo la ansembe. Mayi woti zilombo zomwezo zakhala zikumukwapula miyendo chaka ndi chaka kuyambira ali mtsikana! Holo yonse inafa nako kuseka, ansembe omwe.

A Burgi okha sankaseka. Anali atasendera kumapeto kwa mpando, maso ali tong'o. Zilombo zinkabwera ndithu, koma ojambulawo kaya anali pa changu chanji: apa nyanga, apa lilime, apa mwendo umodzi m'chipale, usanaone bwino asintha kale. Kenako panadutsa chachitali cha nyanga zinayi, chikuyenda mwaulemu wake.

"Awo," ananong'ona a Burgi.

"Achimwene anga miyendo yoonda choncho?" anatero a Zenzi chapansipansi. "Ayi, alamu. Onani icho chanyamula dengu."

"Mimba imeneyo anaitenga kuti? Ndinkawaphikira ndine."

"Nanga icho chikutsimphina?"

"Sankatsimphina."

Anatero, koma anayamba kukayika. Sankatsimphina zoona? Bondo lija ankadandaula nalo m'nyengo yozizira linali la kumanja kapena la kumanzere? Anayesa kukumbukira, osatheka. Munthu wagona naye chipinda chimodzi zaka zonsezi, wamuchapira masokosi, wamutseka maso ndi dzanja lako, lero ukulephera kumuloza pakati pa anthu khumi ndi awiri okha. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawapweteka kuposa chisoni.

Filimu itafika pakati a Leonhard anaiimitsa, chifukwa amayi a bungwe la kutchalitchi anali ndi makeke awo oti agulitse, ndipo amayi amenewo sukangana nawo. Alendo a ku Vienna anayang'anana modabwa, koma amayi aja anangowapatsa mbale za makeke m'manja. A Burgi anadzuka n'kulunjika pakhomo, pamene a Vitus anaima akupukuta magalasi. Awiriwa anakhalapo pa desiki imodzi kusukulu, choncho sankapatsana ulemu wambiri.

"Vitus, ndi chiti?"

"Chiti chiyani?"

"Usandipusitse. Ukudziwa chimene ndikufunsa."

A Vitus anavala magalasi, n'kuwavulanso. "Burgi, ukanandipempha ng'ombe ndikanakupatsa lero lomwe, ndi mwana wake yemwe. Koma izi ayi."

"Munthuyo anamwalira, Vitus. Ukumubisira ndani?"

"Anamwalira, koma m'gulu sanatuluke. Bambo ako omwe anavalapo, unamva wina akuwatchula? Ndikanena lero, mawa mkazi wa Gottfried abwera, mkuja mwana wa uje, basi zatha. Ndiye mwini wakeyo ukumudziwa, akanandithyola khosi."

"Galu iwe," anatero a Burgi.

"Eya, ndavomera. Koma iwe si unati ungamudziwe ali m'thumba?"

Ananena mongocheza, koma ataona nkhope ya a Burgi anazindikira kuti aponda pachilonda, ndipo anayang'ana pansi. A Burgi anamanga mabatani a jasi kuti azipita kwawo. Amene anawagwira mkono ndi a Zenzi, atanyamula keke m'dzanja linalo.

"Alamu, mukapita ndinena kuti mwathawa ndi mantha ngati akazi a wophika buledi. Khalani pansi. Inenso ndi mlongo wanga yemweyo, ndipo sindinamuone."

Anakhala pansi, koma mtima unali utachoka. Chigawo chachiwiri chinali phokoso lokhalokha. Agogo a m'filimu anamenya chilombo ndi nsomba youma, mtengo wa Khirisimasi unapsa, mlamu wina wolongolola anamizidwa mumphika wa msuzi miyendo ili m'mwamba. Anthu ankakuwa, kenako n'kuseka kukuwa kwawo komwe. A Burgi ankangoyang'ana manja awo, n'kumadzutsa maso mwa apo ndi apo mabelu akalira.

Ndiye inafika nthawi imene bambo wa masilipasi uja anatsala yekha. Kunja kukucha m'filimumo, iye anathawa kudutsa pabusa la kumtunda kwa tchalitchi, chipale chikumufika m'mawondo. Apa ojambula anachita bwino kamodzi kokha, kamera anaiimika patali osaigwedeza. Zilombo zonse zinatulukira pamodzi, zinakankha geti la mpanda, n'kukhamukira m'busamo mabelu ali ngwelengwele. Khumi ndi chimodzi zinapitirira.

Chomalizira chinaima. Chinali chachifupi, chonyansa kuposa zonse, nyanga imodzi yothyoka, lilime lofiira lili lende mpaka pachifuwa. Chinatembenuka, chinabwerera, chinaika chikoti chake m'khwapa. Getilo linali logwa mbali imodzi, ndiye chinalinyamula ndi bondo, chinalikokera pa mzati, n'kukolowekapo waya. Chinaligwedeza kawiri kuti chione ngati lagwira. Kenako chinaponya maso m'busa lopanda kanthulo monga achitira munthu powerenga ng'ombe zake, chinagwedeza mutu, n'kuyamba kutsatira anzake, osathamanga n'komwe, chikuyenda mopendekera kutsogolo, mkono umodzi uli kumbuyo.

Holo inaphulika ndi kuseka. Chilombo cha kumidima, chodya anthu, kutseka geti! Alendo a ku Vienna anagundana zigongono mokondwa, chifukwa zimenezo sanazilembe iwo, zinangochitika, ndipo anazisiyamo poona kuti n'zoseketsa. Koma kuseka kwa eni mudzi kunayamba kuchepa msanga, mzere ndi mzere, chifukwa m'chigwa chonse chino munali munthu mmodzi yekha amene sankatha kudutsa geti lotsegula, lake kapena la eni ake, ngakhale akuthamangira sitima.

A Burgi sanadziwe kuti aimirira liti. Anangomva mawu awo akutuluka, okwiya, a tsiku ndi tsiku, omwe aja ankakuwa nawo ali pawindo la kukhitchini.

"Mulibe ng'ombe mmenemo, bambo inu! Ndi Disembala uno, zili m'khola!"

M'holo munangoti zii. Palibe anatembenuka kuwayang'ana, palibe anatchula dzina. A Zenzi anali atatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka, kaya ndi kuseka kaya kulira, mwina zonse. Pansalu yoonetserapo filimu bambo wa masilipasi anali akukwera mumtengo, koma panalibe amene ankamuona. A Burgi anakhala pansi pang'onopang'ono. Misozi inkatsika, iwo osaipukuta, ndipo anali osangalala moti anachita kugwira mpando wa kutsogolo.

Kumbuyo kunamveka munthu akukonza kukhosi. Anali a Vitus.

"Aphunzitsi, tabwezani m'mbuyo pang'ono. Magalasi angawa anachita nthunzi, sindinaone bwino."

Mmodzi wa alendo aja anadzuka mwaulemu. "Pepani bambo, filimu sitibweza pakati. Kwatsala mphindi khumi zokha, ndipo mapeto ake ndiye…"

"Mapeto ake adikira," anatero a Vitus. "Khalani pansi, achimwene, idyani keke."

"Nanenso sindinaone," anatero ansembe, bondo lawo likadali lofiira ndi vinyo.

"Ife kumbuyo kuno mitu imatitchinga!" anakuwa mwini nkhokwe yosapaka penti uja.

A Leonhard anabweza. Chilombo chija chinatsegulanso geti, zonse zinatuluka m'busa chambuyo, ndipo ana anaseka. Kenako zonse zinayambiranso. Ulendo uno a Burgi sanayang'ane geti. Anayang'ana miyendo: phazi lamanzere lotayira kunja pang'ono, chidendene chikukhudza pansi mochedwa, msana wopendekera ngati munthu wokwera phiri ngakhale pamalo pathyathyathya. Bondo lija linali la kumanzere. Anaiwala bwanji?

Zitatha, a Vitus anati magalasi achitanso nthunzi. Kachitatu sananene chilichonse, a Leonhard anangobweza okha. Palibe anadandaula, ngakhale ana. Mudzi wonse unakhala mumdima wa makatani, kunja dzuwa likuwala pa chipale, n'kumaonerera chilombo chopanda dzina chikukoloweka waya pa mzati.

Kachinayi chitamaliza kugwedeza geti n'kuyamba ulendo wake wotsatira anzake, a Burgi anachiperekeza ndi maso mpaka chinalowa m'mitengo. Anapuma mozama, n'kutembenukira kwa aphunzitsi.

"Basi, a Leonhard. Asiyeni azipita."