Bedi la Madala Kalino

Foromani sanabise mawu. Anaima pakhomo pa madala Jasten Kalino, chipewa chili kumutu, n'kunena kuti nyumbayo ikufunika pofika Nyuwere. Fodya anali atayamba kupsa m'munda, anyamata othyola anali m'njira, ndipo mwini purazi, esiteti ya fodyayo, sankaona chifukwa chosungira denga munthu amene sagwiranso ntchito.

Madala Kalino anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, n'kudzasankha fodya m'shedi ya purazi imeneyi, kufupi ndi tauni ya Karoi kudziko la Ashona, mpaka maso awo anachita ng'ala. Mkazi wawo anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo anatsatira, ndipo ku Ntcheuko amene akanawazindikira anatha kalekale. Anangotsala ndi masaka a fetereza ogonapo, chilonda chosapola pamwendo, ndi ulemu. Ulemuwo ndiye anali nawo wosefukira, moti ngakhale foromaniyo anamuthokoza chifukwa chobwera kudzanena yekha.

Amene sanathokoze anali Agnesi Masozi wa khomo loyandikana nalo, amene komboni yonse ya antchito inkamuitana Mai Delight. Ndiye ankawapatsa chakudya, kuwachapira, ndi kuwatsuka chilonda ndi madzi amchere m'mawa uliwonse. Kuwatenga sakanatha. M'chipinda chake chimodzi munali kale iye, mwamuna wake ndi ana anayi, ndipo mwini purazi ankadana ndi zoti anthu azisungana pa komboni.

Kutchalitchi Agnesi anamva za kabungwe kena ka ku Karoi kosunga nkhalamba zopanda abale. Nyengo ya Khirisimasi anthu a m'tauni amakumbukira kuti kunja kuli osauka, ndiye amaponya sopo, shuga ndi mabulangete m'makatoni oikidwa pamakomo a masitolo. Chaka chimenecho zopereka zinakwana kuwonjezera bedi limodzi. Agnesi anaimba foni mpaka inayankhidwa, ndipo anamuuza kuti mayi wina dzina lake Rudo abwera Lachinayi kudzawaona madalawo.

Apa m'pamene komboni inachita zimene imadziwa bwino. Anthu amenewa atha kugona ndi njala, koma mlendo asaone. Mai Grace anabweretsa matiresi awo ndi nsalu yoyala yamaluwa. Pearson wa thirakitala anasenza mpando wake wa khushoni. Dominic anabwereketsa jekete ndi nsapato zimene anakwatira nazo. Azimayi anazira pansi, anakolopa zitseko, wina mpaka anapachika kalendala wa Yesu pamene pulasitala anagumuka. Agatha, amene sapatsa munthu ngakhale mchere, anapha nkhuku imene ankasungira Khirisimasi. Palibe amene anafunsa kuti mlendoyo akubwera kudzaona chiyani. Agnesi yemweyo ndiye ankatsogolera, thukuta lili kamukamu.

"Mai Delight, mundimete ndevuzi," anatero madala. "Mwana wa eni ake achoke ku tauni kudzandipeza ngati galu? Iyayi."

Rudo anafika pakagalimoto kodzaza matope. Anali mayi wachichepere wotopa, amene tsiku lomwelo anali atayendera kale mapurazi ena. Anamulandira ndi nyimbo, anamusambitsa m'manja, anamukhazika pamkeka watsopano. Madala anali pampando wa Pearson, msana uli chilili, chilonda chitabisika m'thalauzi ndi sokosi.

"Makadii, sekuru? Mumadya bwinobwino here pano?" anafunsa Rudo, akusakaniza Chishona chake ndi Chichewa chotola.

"Ndimadya, mwana wanga. Pano sitigona ndi njala."

"Ko m'thupi? Palibe chikupweteka?"

"Ukalamba basi. Anthuwa amandisamala kwambiri."

Agnesi anamva mawuwo ndipo anasangalala. Kudandaula pamaso pa mlendo n'kutukwana amene amakudyetsa, ndipo madala sanatukwanepo munthu. Za foromani anazitchula Agnesi yekha, mwachidule, popeza foromaniyo anali ataima pakhomo kudikira ntchafu ya nkhuku. Rudo anajambula chithunzi ndi foni yake, anadya pang'ono, n'kupita.

Galimoto isanafike n'kumsewu waukulu komwe, Pearson anali atasenza kale mpando wake. Mai Grace anadikira kuti madala adzuke kaye, kenako anapinda matiresi. Pofika madzulo m'nyumbamo munatsala masaka aja, kafungo ka sopo, ndi msomali wa kalendala.

Foni inakhala chete. Masiku ankatha, ndipo anyamata othyola fodya anayamba kufika, n'kumasuzumira pazenera la madala ngati anthu oyesa malaya pamsika. Kutatsala pang'ono Khirisimasi, Agnesi anakwera kombi kupita ku Karoi.

Anapeza pabwalo la kabungweko pali chisangalalo. Kwaya inkaimba, azimayi onenepa ovala zipewa zofiira ankapereka mapaketi kwa nkhalamba zokhala pamabenchi, ndipo aliyense wopereka ankayamba wayang'ana kwa wojambula. Agnesi anaona pakhomo lotsekula mabedi achitsulo ali mumzere, oyalidwa bwino, ndi denga lopanda bowo. Mtima unamupweteka chifukwa chowasirira.

Rudo atamuona anamukokera kuseri kwa khitchini.

"Mhamha, ndinkaopa kukuimbirani. Bedi lija linapita kwa sekuru ena a ku Tengwe."

"Chifukwa chiyani? Ife tinalakwa pati? Sitinakulandireni bwino?"

Rudo anapisa dzanja m'chikwama. Anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi ziwiri. Choyamba chinali cha madala Kalino, ometa bwino, m'jekete, kumbuyo kuli matiresi amaluwa, akuoneka ngati mphunzitsi wopuma pantchito amene ana ake amatumiza ndalama kuchokera ku Joni. Chachiwiri chinali cha munthu wogona pansi m'chisakasa chopanda denga mbali imodzi, nthiti zili pamtunda.

"Mukanakhala inu a komiti, mukanasankha uti?"

Agnesi anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. 

"Zonsezo n'zobwereka," anatero kenako. "Jekete, mpando, matiresi. Ngakhale nkhuku ija."

"Ko munachitiranji zimenezo?"

"Munali mlendo."

Rudo anapukusa mutu, osati monyoza koma ngati munthu amene wazionapo kale. Anati mwini sitolo wina wapereka mphatso mochedwa, ndipo mwina ingakwanire bedi lina. Komiti ikhalanso pansi Khirisimasi ikangodutsa, koma odikira ndi ambiri.

"Ndibwera tsiku lotsatira Khirisimasi. Koma ndiwapeze mmene alili, mhamha. Komiti siyenda m'mapurazi, imangoona chithunzi."

M'kombi pobwerera Agnesi anasinkhasinkha mawu amenewo, ndipo anaona poipa pake. Madala mmene analili anali osauka, inde, koma anali osamba, ovala zochapa, chilonda chomangidwa. Zimenezo zinali ntchito ya manja ake. Chithunzi chotero sichikanapambana cha ku Tengwe chija, ndipo ku Tengweko sikunathe anthu otero. Kuti apeze bedi, madala anayenera kuoneka mmene akanakhalira pakanapanda Agnesi.

Atafika analetsa aliyense. Wosesa asasese, wobwereketsa asunge zake. Anthu anang'ung'udza kuti akufuna kuchititsa manyazi komboni yonse, koma anamumvera, chifukwa Agnesi akakwiya palibe amaima naye. Kwa madala sananene chilichonse. Ankadziwa kuti akawauza, ayankha kuti kuli bwino akagone m'munda wa fodya.

Chakudya sanasiye kuwapatsa. Anangosiya zinazo. M'mawa woyamba madala anadikira beseni lawo la madzi amchere mpaka dzuwa linakwera.

"Mai Delight, kodi lero mwandiiwala?"

"Mjigo wafa, baba. Madzi akuvuta."

Mjigowo unkamveka kulira kuchokera pamene anakhala, ndipo madala anali akhungu chabe, osati ogontha. Sanafunsenso.

Tsiku la Khirisimasi komboni inadzuka ndi mawailesi. Ana anavala zatsopano, kunali mpunga, buledi wopaka jamu, ndi mowa kuseri kwa mabalani. Agnesi anawapititsira madala mbale ya mpunga. Fungo linamulandira pakhomo. Mvula inali italowa usiku n'kunyowetsa masaka, nsanza ya pamwendo inali itamatirira, ndipo ntchentche zinali zitapeza malo. Manja ake anafuna okha kugwira ntchito, moti anachita kuwapinda m'chitenje. Anaika mbale pansi n'kutuluka, ndipo anakalirira kuchimbudzi kumene ana ake sakanamuona.

M'mawa mwake galimoto ya Rudo inamveka ikulimbana ndi matope. Madala anaizindikira.

"Ndi mlendo uja? Mai Delight! Itanani Dominic abwere ndi jekete. Tsekani chitseko kaye, chonde, ndisambe kumaso kokha."

Agnesi anatsekula chitseko chonse kuti kuwala kulowe. Madala anapapasa pansi, napeza kabulangete, n'kufunditsa mwendo. Agnesi anakachotsa.

Rudo analowa, ndipo anagwira mphuno asanadzigwire mtima. Anapereka moni motsitsa mawu. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, madala Kalino sanayankhe moni wa mlendo. Atamva kuti foni yatulutsidwa, anaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

"Nkhope iyenera kuoneka," anatero Rudo, akuyang'ana kumbali. "Pepani. Akapanda kuiona amati mwina ndi munthu wina."

Agnesi anagwada pamasaka onyowawo. Anagwira manja a madala, manja amene ankawawenga zikhadabo Loweruka lililonse, n'kuyamba kuwatsitsa. Mkuluyo analimbalimba, koma mphamvu zake zinali za mwana. Anawapanikiza pamaondo pawo, iye n'kupendekera kumbali kuti asalowe m'chithunzi.

"Ndakulakwirani chiyani, mayi?" anafunsa madala, motsitsa kwambiri.

Foni inalira kawiri pojambula. Rudo anayang'ana chimene wajambula n'kunena kuti chimenechi chikwana.

Chinakwanadi. Yankho linabwera Nyuwere isanafike, ndipo galimoto ya kabungwe inabwera kudzawatenga tsiku lomwe anyamata awiri othyola fodya anaunjika zikwama zawo pakhonde. Chilonda chinali chitatsukidwa. Amene anatsuka ndi Mai Grace, chifukwa chichokereni Rudo madala ankabweza mwendo akangomva kuti manjawo ndi a Agnesi.

Komboni yonse inasonkhana. Madala anaima pafupi ndi galimoto atatsamira ndodo, n'kumatsanzika mmodzimmodzi, aliyense pomumva mawu. Anamuthokoza Pearson. Anamuthokoza Dominic. Agatha anamuuza kuti Mulungu amubwezere nkhuku yake. Ana a Agnesi anawasisita mitu n'kuwatchula mayina onse anayi. Ngakhale foromani anamugwira chanza ndi manja awiri.

Agnesi anali kumapeto, atanyamula kathumba ka zovala zawo zimene anachapa ndi kusita. Anasendera pafupi kuti amumve bwino.

"Muyende bwino, baba. Ndidzabwera kudzakuonani."

Madala anatembenuzira nkhope kwa dalaivala.

"Mwana wanga, ndigwire dzanja," anatero. "Pano ndatsanzika onse."