Ulusi wa Marian

Marian wa ku Yofu, mudzi wa pachilumba cha m'nyanja, ndiye ankasoka nsalu za paguwa la tchalitchi: yobiriwira ya masiku wamba, yofiira ya Pentekoste, yapepo ya Lenti. Mwamuna wake anamwalira ku Bulawayo komwe ankagwira ntchito, n'kumusiya ndi mwana mmodzi, Joyce.

M'chaka cha 2003 Marian anakomoka akulima m'munda wa chinangwa. Anatsitsimukira kuchipatala, dzanja lamanzere litachita dzanzi. Atayang'ana Joyce, yemwe anakhala pambali pa bedi, anaona nkhope yotuwa ngati ya maliro.

"Wadzola phulusa kodi?" anafunsa.

"Ayi amayi, ndili bwinobwino."

Dzanja lija linachira, koma kutuwako sikunachoke. Mango akupsa, zitenje pachingwe, masamba a chinangwa, zonse zinali mbuu. Matimati ankaoneka akuda, moti ankadya atatsinzina kuti asachite nseru.

Dokotala wa maso wochokera ku Mzuzu atafika pachilumba, anamuunika ndi tochi n'kumuwerengetsa tizilembo ting'onoting'ono. Anawerenga tonse.

"Maso anu alibe vuto, mayi," anatero dokotalayo. "Diso limangolandira kuwala. Chomwe chimakuuzani kuti ichi n'chofiira, ichi n'chobiriwira, ndi kachigawo ka ubongo chakunkhongo kuno. Mtsempha unatsekeka, kachigawoko kanafa."

"Nanga magalasi?"

"Sangathandize."

Marian sanasiye kusoka. Joyce ankamusankhira ulusi n'kumupatsira m'manja, mpaka pamene mwanayo anakwatiwa ku Nkhata Bay. Chaka chimenecho Marian anasoka yekha nsalu ya Lenti, napeta mtanda pakati mosamala kuposa kale lonse. Amayi a kutchalitchi anailandira ndi manja awiri, koma sinaoneke paguwa.

Marian anakafunsa mnzake Enelesi, yemwe ankasesa m'tchalitchimo. Enelesi anayang'ana pansi.

"Nsalu ija ndi yabuluu, anzanga. Mtanda nawo, theka wofiira, theka wobiriwira. Tinaona kuti n'zovuta kukuuzani."

Marian anabwerera pang'onopang'ono m'kanjira ka miyala. Atafika kunyumba anakhala pakhonde n'kutseka maso, kuti mwina aone chofiira cha m'mutu mwake. Anakumbukira diresi imene anavala popita kokabatizitsa Joyce. Mabatani ake anawaona, ngakhale pomwe inang'ambika pamkono anapaona. Ankadziwa ndithu kuti inali yofiira, koma nayonso inabwera yotuwa. Anayesa magazi, anayesa moto, osatheka.

Mawa lake anatenga bokosi lake la ulusi n'kukalisiya pakhomo pa Enelesi, osagogoda.