Mapazi a Ranjita

Amake Ranjita atamwalira, anthu ankati ndalimba mtima chifukwa sindinalire kumtsinje pomwe tinkatentha mtembo wawo monga mwa mwambo wathu. Sikunali kulimba mtima kumene kuja. Anali manyazi, ndipo anayamba kale, zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyo mwake.

Ine ndi mkazi wanga Chandrakala tinabereka ana atatu. Awiri anapita ali makanda, n'kutsala wamkazi, Ranjita, yekha. Mpira anayambira m'munda wa mpunga tikakolola, mpira wake wa masokosi akale, anzake anyamata okhaokha. Poyamba ndinkangoseka. Koma atakula, n'kumavala kabudula pabwalo la sukulu anthu onse akuona, kuseka kunasamukira kwa ena.

Tek Bahadur, wa kantini ya tiyi pamene imaima basi, ndiye ankayambitsa.

"Achimwene a Khadga, mnyamata wanu uja dzulo wachinya ziwiri. Tiyambe kumufunira mkazi?"

Wina n'kuwonjeza, "Ayi, mumupezere mwamuna wodziwa kuphika mphodza."

Ndinkasekera limodzi nawo, koma tiyi ankandiwawa kukhosi.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, timu ina ya ku Kathmandu inamutenga. Anabwera pa Dashain, chikondwerero chathu chachikulu cha pachaka, atavala chipewa. Tsiku la tika, lomwe akulu amadalitsa ana powapaka mpunga wofiira pachipumi, amake anakonza zonse m'mbale yamkuwa, mpunga wosakaniza ndi chambiko ndi ufa wofiira, pambali pake timasamba ta balere tachikasu topachika kukhutu, tomwe anameretsa mumdima. Ndinayamba kupaka ana a mng'ono wanga pachipumi. Itafika nthawi yake, Ranjita anagwada n'kuvula chipewa chija. Mutu unali ngati udzu woti njati yadyapo.

"Wafa ndani?" ndinamufunsa.

"Palibe, Baba. Tsitsi limandilowa m'maso ndikamathamanga."

"Munthu amameta chonchi kholo lake likafa. Iwe wandimetera ndili moyo. Chabwino, ndafa. Akufa sapaka tika."

Mpunga unali kale pa zala zanga. Ndinaubwezera m'mbale. Amake anandigwira malaya, ine n'kuwakankha dzanja. Ndipo sindinalekere pomwepo. Chibadwire chake, chaka chilichonse ndikamupaka tika ndinkagunditsa chipumi changa pamapazi ake, monga amachitira bambo aliyense kwa mwana wake wamkazi. Tsiku limenelo ndinanena pamaso pa abale onse kuti mapazi omenya chikopa cha ng'ombe, chiweto chopatulika kwa ife, sindingawagwadire.

"Si chikopa, Baba," anatero motsitsa mawu. "Ndi pulasitiki."

Wina anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunandimaliza. Ndinatuluka kukasamba m'manja. M'mawa mwake anakwera basi chipumi chili mbee, mudzi wonse uli ndi zipumi zofiira.

Kuchokera ku Kathmandu anapita kukasewera ku India, kenako ku Portugal. Kumene kuli Portugal sindikudziwa, ndimangodziwa kuti kwathu kukamada, kwawo amakhala akudya chamasana. Anawatumizira amake foni yoonana nkhope. Chandrakala, munthu wosadziwa ndi kulemba dzina lake lomwe, anaiphunzira sabata imodzi. Dashain iliyonse ankaimika foniyo pa mtondo, n'kupaka tika pagalasi pomwe pali chipumi cha mwanayo, kunena madalitso onse mpaka kumapeto. Mpunga unkalowa m'timabowo ta foni, mawu n'kumamveka ngati a munthu wachimfine. Ine ndinkakhala pakhonde, kunola chikwakwa chosafuna kunola.

"Abambo ake Ranjita, mkwiyo umenewu mudzapita nawo kumtsinje?" ankandifunsa.

"Ayambe ndi iyeyo. Mwana ndi iye."

"Ayambe chiyani? Amere tsitsi pafoni?"

Nthawi imeneyi n'kuti Tek Bahadur atasintha nyimbo. Anamata chithunzi cha Ranjita pakhoma la kantini, pafupi ndi cha milungu. Masewera ake akamaoneka pafoni ya wina, anthu ankaunjikana mitu pamodzi, omwe ankandiseka aja n'kumati mwana wathu, mwana wathu. Ine mwini wake ndinkaima kumbuyo ngati ndikudikira basi. Tsiku lina ndinamuona akuthamanga, kanthu kakang'ono ngati nyerere pagalasi, ndipo ndinamuzindikira ndi kathamangidwe, amapendeketsa phewa ngati amake. Ndinabwerera kunyumba osauza munthu. Ndinkati ndidzalankhula naye Dashain ikubwerayi. Ikafika, ndinkati inayo.

Chandrakala anagwa pampope akutunga madzi, masiku ochepa Dashain isanayambe. Pofika naye pamsewu anali atapita kale. Moto wotentha mtembo anayatsa Prem, mwana wa mng'ono wanga, poti ine mwana wamwamuna ndilibe. Ndi Prem yemweyo amene anaimbira Ranjita foni n'kundigwiritsa m'manja. Mawu anga oyamba kwa mwana wanga patatha zaka zisanu ndi chimodzi anali akuti, "Amako apita."

Iye anati, "Ndamva, Baba."

Anafika tsiku lachitatu, chikwama chimodzi kumsana. Sanandiyang'ane. Anapita kwa wansembe n'kunena kuti masiku otsala a maliro akhala nawo iyenso, pakona, monga akanachitira mwana wamwamuna. Wansembe anang'ung'udza, akuti Prem alipo kale, akuti izi ndi za amuna, pamafunika kumeta.

"Tsitsi ndinameta kale, agogo," anatero Ranjita. "Funsani Baba."

Sanakweze mawu. Ine ndinayang'ana pansi.

Anakhala pa udzu wa mpunga, atafunda nsalu yoyera yosasoka, kudya kamodzi patsiku, mpunga wopanda mchere wophika yekha, munthu osamukhudza. Ine ndinkakhala mbali ina ya chipinda. Poti kumaso sindikanatha kumuyang'ana, ndinkayang'ana mapazi. Ndi m'mene ndinawaonera bwinobwino. Zikhadabo zakuda, chala chachikulu chakumanja chopanda chikhadabo n'komwe, pa kakolo chipsera chachitali chokhala ndi timadontho ta ulusi. Mapazi amene ndinkawagwira ndi dzanja limodzi onse awiri ali khanda. Anang'ambika, anasokedwa, anapola, ine osadziwa. Amake ankadziwa. Ndinakumbuka mwezi wina Chandrakala akusala kudya Lolemba lililonse osandiuza chifukwa chake.

Foni yake inkalira m'chikwama, iye osaigwira. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinalimba mtima.

"Ndi akuntchito?"

"Ndi aphunzitsi a timu. Masewera atatu andipita. Pamalo panga aikapo mtsikana wina."

"Ukabwerera akakubwezerapo?"

"Kaya. Kumeneko sadikira munthu, Baba."

Ndinkaona thupi lake likutha tsiku ndi tsiku chifukwa cha kusadya kuja, miyendo yomwe amadyera ikuphwa. Ndinafuna kunena kuti idya mchere mwana wanga, amako sangakwiye. Koma ndine ndani woti ndimuuze za mwambo?

Masiku khumi ndi atatu anatha Dashain ili pakati. Kunja ana ankakuwa pa katungwe wansungwi, aliyense wodutsa pamsewu chipumi chili psuu, balere kukhutu. Nyumba yathu yokha ndiyo inali m'zoyera za maliro. M'mawa wa tsiku lonyamuka Ranjita, ndinapeza kachitini ka mbewu ya balere komwe amake anasunga kuti afese, kali pomwe anakasiya. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinatsitsa mbale yamkuwa ija, kuthiramo mpunga, n'kuyamba kufunafuna ufa wofiira m'mashelefu.

Ranjita anandipeza ndili choncho.

"Baba, mukutani? Mukudziwa kuti sizitheka. Nyumba ya maliro sipaka tika mpaka chaka chithe."

Ndinkadziwa. Ine amene ndinamumana tika chifukwa cha mwambo, tsopano mwambo womwewo unandimanga manja. Zaka zisanu ndi chimodzi mbale inali m'manja mwanga, palibe ankandiletsa.

"Ndiye ubwere chaka chamawa," ndinatero.

"Nthawi imeneyi ligi imakhala ili mkati. Ndabwera chifukwa ndi maliro." Anatenga mbale ija m'manja mwanga n'kubwezera mpunga m'thumba. "Musadandaule, sindinkakhala wopanda tika. Ama ankandipaka chaka chilichonse. Inunso ndinkakumvani, mukunola chikwakwa panja."

Bola akananditukwana.

Ndinamuperekeza kumsewu. Ndinafuna kunyamula chikwama, anakana. Pakantini panali anthu ambiri, onse ovala zatsopano. Tek Bahadur anatuluka ndi tiyi m'manja, chipumi chodzaza mpunga wofiira mpaka m'nsidze.

"Mwana wathu akupita. Ukatichinyire chimodzi cha amako, wamva? Achimwene, mwana uyu ndiye watitchukitsa mudzi."

Basi inali ikumveka kale kumunsi, ikulira pokhota. Ndinaona kuti akwera ngati ulendo uja, chipumi chili mbee, ndipo mwina ulendo wina wobwera kuno udzakhala wa maliro anga. Tika ndinalibe. Chinatsala ndi chimodzi chokha chimene ndinamumana.

Ndinagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa Tek Bahadur ndi anthu ake, n'kugunditsa chipumi changa pa nsapato zake. Zinali nsapato zachinsalu zoyera, zonunkha fumbi la m'basi.

"Baba, anthu akuona."

"Aone."

Sanachotse mapazi. Ndinakhala choncho mpaka kondakitala anamenya chitseko cha basi. Pofuna kudzuka, mawondo anakana. Ranjita anandigwira m'khwapa n'kundiimika ngati mtolo wa udzu. Aka kanali koyamba kundikhudza chichokereni.

"Mwapepuka, Baba. Muzidya."

"Wawonda ndi iwe."

Anapukuta fumbi pachipumi panga ndi chala chake chachikulu. Kenako anatulutsa foni ya amake m'thumba la malaya anga, n'kundionetsa. "Ikalira, mukankhe chobiriwirachi. Osati chofiira. Chobiriwira." Anakwera. Pakantini palibe anaseka, ndipo Tek Bahadur anabwerera mkati ndi tiyi wake osamwa.

Ngati anandikhululukira sindikudziwa, sananene, inenso sindinafunse. Malo ake mu timu sanamubwezerebe, amayambira pabenchi. Foni ija ili ndi ine, m'mphepete mwa galasi mudakali kofiira komwe sikachoka, ndipo sindikufuna kukachotsa. Lamlungu lapitali inalira ndikumwetsa njati yathu yoweta. Ndinakankha chofiira kawiri, kachitatu ndiye ndinakhoza. Akuti anamulowetsa mphindi khumi zomaliza. Za mpira sindidziwa chofunsa, ndiye ndinafunsa za chala chija, ngati chikhadabo chayamba kumera.

Anati, "Pang'ono, Baba."