Mimba ya Womasulira

Ntchito yanga inali yoimirira. Ndinkaima pakati pa a majisitireti ndi munthu woimbidwa mlandu, n'kumatenga mawu a chizungu kuwasandutsa chathu, a chathu kuwasandutsa chizungu. Lamulo lalikulu la ntchitoyi ndi lakuti womasulira sanena kuti "akuti anaba." Amanena kuti "ndinaba," monga momwe mwini mawu wanenera. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu ndinaba mbuzi zosawerengeka, ndinamenya apongozi, ndinakana ana angapo, ndipo kawiri konse ndinagulitsa munda wa eni. Zonsezi ndinkazinena nditaima njo, tayi ili m'khosi, osaphethira.

Zimene zinkandikanika kunena ndi za mimba yanga.

Inayamba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kupotokola pansi pa mchombo cha kumanzere, kenako liwiro la kuchimbudzi. Tsiku labwino kanayi, tsiku loipa kupitirira kakhumi, nthawi zina ndi magazi omwe. Koma ndikakhala pamaso pa dokotala, ine yemwe ndinkatchula zolaula za anthu ena khoti litadzaza, ndinkangoti, "M'mimbamu mumandivutako pang'ono, adokotala." Iwonso n'kulembako pang'ono.

Woyamba anati ndi njoka za m'mimba. Ndinamwa mapiritsi, njoka osaoneka. Wachiwiri anati ndi zilonda, ndisiye tsabola, yemwe sindinkadya n'komwe. Taifodi ndinadwala katatu, papepala. Nditawonjezera bowo lachitatu pa lamba, anayamba kundiyeza matenda aja anthu amachita kunong'onezana. Anandiyeza kanayi. Ulendo uliwonse namwino ankayamba wandilangiza ndi nkhope ya pamaliro, ndipo zotsatira zikatuluka zabwino ankaoneka ngati ndamutayitsa nthawi. Dokotala wina, atatsegula kabuku kanga kachinayi ka kuchipatala, anati vuto langa ndimaganiza kwambiri. Ndinamuuza kuti chimene ndimaganiza ndi chimbudzi basi. Anati n'zomwezo.

Ku chipatala chachikulu kunali dokotala mmodzi wa za matumbo, wokhala ndi kapaipi ka kamera koonera m'kati. Kuti ukamuone pankafunika kalata ya dokotala wina, ndipo winayo ankafuna uyambe wamaliza mapiritsi ake. Kalata nditaipeza, anandiuza kuti mndandanda ndi wautali, adzandiimbira foni. Ndinaidikira foniyo zaka ziwiri.

Kunyumba mkazi wanga anasiya kundifunsa chomwe ndikufuna kudya. Ankangoti, "Mawa muli ndi milandu ingati, bambo a ana?" Ndikati isanu ndi itatu, ankandiikira tiyi wopanda mkaka n'kukadyera kukhitchini ndi ana, chitseko chotseka, kuti fungo lisandipeze.

A majisitireti akale anali achikulire, odwala shuga, ndipo tinkamvana. Ndikangogwira tayi, ankaimitsa khoti okha n'kunena kuti akufuna kukaona buku lina. Atapuma pantchito kunabwera atsopano, a zaka zochepa kwa ine, okonda kuvula wotchi n'kuiika patebulo poyamba milandu. Ankafika mochedwa ndi theka la ola n'kutiuza kuti nthawi ya khoti si yoseweretsa. Chimbudzi chawo chinali m'ofesi mwawo momwe. Chathu chinali kumapeto kwa khonde, ndipo kiyi wake ankakhala m'dirowa ya kalaliki, atamangiriridwa ku chipika cha thabwa kuti munthu asamuiwale m'thumba. Ukamapita kumeneko, khonde lonse linkadziwa.

Makalata a chenjezo anandipatsa awiri. Popereka yachiwiri anati, "Mukadzaimitsanso khoti langa, bambo womasulira, nkhani yanu ipita ku likulu. Akaone ngati mukuyenerabe ntchitoyi." Ndinali ndi ana awiri pasukulu, ndipo ntchito ina yomwe munthu wa msinkhu wanga angaiphunzire sindinkaidziwa.

Ndinapirira miyezi itatu. Kenako linafika Lachiwiri lina, mlandu wachisanu.

Woimbidwa mlandu anali mlonda wa pa sitolo ya zipangizo zomangira. Ankati anagwirizana ndi akuba, chifukwa masana dzuwa likuswa mtengo anasiya geti mphindi khumi, pampu ya madzi n'kutuluka pa wilibala. Anali munthu wowonda, wa maso olowa. Nditayang'ana lamba wake ndinaona mabowo obowola ndi msomali, osalingana. Ndinayang'ana kumbali.

Wapolisi woimira boma anaimirira, m'manja muli fayilo.

"Unali kuti pamene pampu inkatuluka?"

"Ndinali kuchimbudzi, bwana."

Ndinatembenukira kwa a majisitireti n'kunena m'chizungu kuti ndinali kuchimbudzi. Pa mabenchi akumbuyo wina anaseka.

"Mwini sitolo akuti m'mawa womwewo unachoka pageti kasanu. Unkakakumana ndi ndani?"

"Ndi chimbudzi chomwecho, bwana. Timadziwana."

"Usachite nthabwala m'khoti."

"Si nthabwala, bwana. Ine ndikadya, pasanathe theka la ola zimafuna kutuluka. Ndikapanda kudya zimatulukabe, koma madzi okhaokha ndi magazi ndi zonanda ngati mamina. Kumayamba kupotokola apa." Anagwira pansi pa mchombo, kumanzere. "Zikayamba sizidikira. Ndimayenda ndi kabudula wam'kati wina m'thumba. Ichi n'chaka chachinayi."

Ndinanena zonsezo, chiganizo ndi chiganizo. Ndinauza khoti kuti ndikadya zimafuna kutuluka, kuti ndimachita magazi, kuti ndimayenda ndi kabudula wina. Wanga anali m'chikwama pansi pa tebulo la kalaliki, m'envelopu yakhaki yolembedwa kuti Zachinsinsi. Pa zaka zonse zija mawu amenewa anali asanatulukepo m'kamwa mwanga, ndipo anatuluka m'chizungu chabwino ndithu. Mimba yanga inawamva. Inayankha pomwepo, pang'onopang'ono, ngati munthu wogogoda mwaulemu koma woti sabwerera.

A majisitireti anaika cholembera pansi.

"Muuzeni woimbidwa mlandu kuti lino si khoti la ana. Palibe munthu wamkulu, wa ndevu zake, amene angalephere kudzigwira mphindi khumi. Ali ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la matendawo?"

Ndinamuuza mlondayo kuti palibe munthu wamkulu amene angalephere kudzigwira mphindi khumi. Thukuta linali litayamba kutsikira m'kolala. Iye anapisa m'thumba n'kutulutsa timabuku titatu ta kuchipatala, tomanga ndi kampira.

"Mayina alimo ambiri, bwana. Njoka, taifodi, zilonda, maganizo. Musankhepo lomwe lakusangalatsani."

"Matenda opanda dzina khoti silingawalembe," anatero a majisitireti.

Nditamasulira, mlonda uja sanayang'anenso kutsogolo. Anayang'ana ine, kuyambira kunsapato mpaka pamphuno.

"Ngati bwana sakundikhulupirira, afunse achimwene akundilankhulirawa. Ndakhala ndikuwaona chilowereni muno. Apanikiza miyendo ngati mmene ndimachitira ine, ndipo chitseko chija achiyang'ana kasanu ndi kawiri. Awa ndi anzanga."

Kalaliki, mayi wa mtima wabwino yemwe tinagwira limodzi zaka khumi, ananong'ona osatukula mutu pa mapepala ake.

"Ingonenani kuti akupempha chifundo, achimwene."

Zikanatheka. A majisitireti chathu amachimva bwinobwino, n'chimene anayamwira, koma akavala mkanjo chimawachoka. Chomwe sichinanenedwe m'chizungu sichilowa m'buku la khoti. Koma ine ndinali ndisanadyepo mawu a munthu, ngakhale a mfiti, ndipo kunena zoona ndinali wotopa kwambiri moti sindikanatha kupeka bodza la ulemu. Ndinawauza m'chizungu kuti ngati khoti silikundikhulupirira, lifunse womasulira wake, amene wapanikiza miyendo ndipo wayang'ana chitseko kasanu ndi kawiri.

A majisitireti anavula magalasi.

"Womasulira si mboni," anatero. Anayang'ana wotchi ili patebulo. "Komabe poti mwatchulidwa. Mlanduwu watsala ndi theka la ola. Bambo womasulira, kodi mukufuna kuimitsa khoti?"

Funsolo linali la mbali ziwiri ndipo tonse tinkalidziwa. Ndikanati ayi n'kupirira, ndiye kuti munthu wamkulu amatha kudzigwira, mlonda n'kukagona kundende. Ndikanati inde, kalata yachitatu inali kale m'makina. Ndikanakonda ndikananena kuti ndinasankha chilungamo. Amene anasankha ndi matumbo.

"Inde, bwana," ndinatero. "Ndipo mphindi khumi ndilibe. Ngakhale ziwiri."

Kalaliki anali atatsegula kale dirowa. Ndinatenga chipika cha kiyi ndi chikwama, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito ndinatuluka m'khoti osawerama pakhomo. Ndinafika kumapeto kwa khonde, koma sindinganene kuti ndinafika msanga.

Nditabwerera ndinapeza khoti likudikirabe, chifukwa mlondanso anali atapempha, wapolisi n'kumuperekeza kuseri. A majisitireti anali atakhala okha kutsogolo, akuyang'ana denga, anthu awiri ofunika pa mlandu wawo atapita komweko.

Chigamulo anachiwerenga masana, ine ndikumasulira. Anati boma lalephera kuonetsa kuti mlonda anagwirizana ndi aliyense, ndipo anawonjezera kuti khoti, mwa nzeru zake, laona lokha kuti matenda otere alipo. Mlonda anamasulidwa. Potuluka anandigwedezera mutu, ine n'kuyang'ana pansi, chifukwa womasulira salonjerana ndi woimbidwa mlandu. Kalata yanga inandipeza ndisanaweruke.

Ku likulu kunapezeka vuto. Malamulo salola kuchotsa munthu pantchito chifukwa cha matenda popanda lipoti lotchula dzina la matendawo. Pa fomu panali mzere wa dzina, ndipo mzere wa pa fomu ya boma sukhala wopanda kanthu. Analembera chipatala chachikulu kalata ya zidindo zitatu. Dokotala wa kamera uja anandiona patatha masiku asanu ndi anayi.

Anali mayi wamfupi, wa nsapato zopanda zidendene zazitali, wolankhula ngati ali ndi basi yoti akwere.

"Vuto n'chiyani, bambo?"

"M'mimbamu mumandi..." Ndinalekeza. Ndinadzuka pampando, manja kumbuyo monga ndimaimira kuntchito, n'kumuuza zonse m'mawu a mlonda uja, osasiya ngakhale za mamina.

"Khalani pansi, kuno si kukhoti," anatero. "Bwanji simunawauze chonchi madokotala enawa?"

"Sanandilumbiritse."

Anandipatsa madzi amchere oti ndimwe tsiku lathunthu osadya kanthu, zomwe kwa ine sizinali zachilendo. Kapaipi kanalowa kumene kamalowera. Patatha milungu iwiri anandionetsa zithunzi za m'kati mwanga, mofiira ngati nyama ya pabutchala, n'kunditchulira dzina lalitali la mawu awiri. Anati thumbo lalikulu limatupa n'kumachita zilonda lokha, thupi likudzimenya. Matendawa sachoka. Amangogona ukamamwa mankhwala, nthawi zina n'kudzuka. Ndinkayembekezera kuti tsiku lomva dzinalo ndidzasangalala, koma ndinangomva tulo.

Kenako anakoka fomu ya ku likulu.

"Apa akufunsa ngati mungathe kuima maola atatu osatuluka. Ndilembe chiyani?"

"Mankhwalawa akagwira, ndingathe?"

"Masiku ena."

"A majisitireti sadziwa za masiku ena."

Analemba kuti ayi.

Sanandichotse ntchito, poti matenda a dzina ali ndi ndime yake m'malamulo. Ananditsitsa kupita kuchipinda cha mafayilo, chopanda windo, kumene ndimamanga milandu yakale ndi chingwe. M'khoti muli womasulira wina tsopano, wa mimba yachitsulo, amene amati "akuti" pa chiganizo chilichonse. Ndimamumva kudzera pakhoma. Mankhwala anatsitsa maulendo anga kufika atatu patsiku. Mkazi wanga anati bola, ndipo masiku ano amadyera pabalaza.

Fayilo ya mlonda inafika m'manja mwanga mwezi wachiwiri. Ndinalemba dzina la matenda lija pakapepala, ndi tsiku limene dokotala amaona anthu, ndi mawu oti akanene pa windo la kuchipatala kuti asamubweze. Keyala yomwe inali m'fayilo inali ya sitolo. Loweruka ndinakwera minibasi ziwiri kupita kumeneko.

Pageti ndinapeza mlonda wina, wonenepa, akudya chinangwa chootcha.

"Ndikufuna amene ankalonda pano kale."

"Wam'mimba uja? Anamuchotsa tsiku lomwe anatuluka kukhoti."

"Amakhala kuti?"

"Kaya. Ena amati anapita kwa mlongo wake. Ndinu abale ake?"

"Ayi. Tinagwirako ntchito limodzi tsiku lina."

Ndinamusiyira kapepalako kuti mwina munthuyo angadzadutse. Anakapinda n'kukalowetsa m'chipewa. Apo n'kuti minibasi ziwiri zija zitandigwedeza mokwanira, ndiye ndinamufunsa ngati ndingalowe kuseri pang'ono.

Anameza chinangwa chake kaye.

"Pepani bambo, chimbudzi n'cha ogwira ntchito okha."