Maliro a Bambo Pyo, Eni Ake Alipo

"Zakongola, eti?" anafunsa Mayi Brandt, akutembenuzira kompyuta kwa Darae.

Darae anayang'ana. Chinali chilengezo choti Bambo Pyo, dalaivala wa bungwe lawo la mayiko ambiri mumzinda wa Incheon, akupuma pa ntchito atagwira zaka makumi atatu. Mayi Brandt, abwana a Darae, amene anali ndi miyezi iwiri yokha chibwerere kuchokera ku Ulaya, anachikonza okha mwachikondi. Chithunzi cha mdalayo anachizunguliza ndi maluwa oyera aja a pamaliro, dzina n'kulilemba ndi zilembo zofiira psuu, monga amalembera mayina a akufa m'dzikolo.

Ngakhale mwana wa ku mkaka akanakuwa. Koma Darae anali wophunzira ntchito chabe mu ofesi yofalitsa nkhani kwa antchito, ndipo Lachisanu la sabata yomweyo Mayi Brandt ankayenera kumulembera kalata ya umboni. Popanda kalatayo, miyezi isanu ndi umodzi yogwira ntchito yaulere ikanalowa m'madzi. Ndani angauze bwana kuti walakwitsa kalata isanatuluke? Anawerama pang'ono.

"Zakongola kwambiri, abwana."

Ndi chala chake chomwe, anatumiza chilengezocho pa makanema a m'makonde onse.

Anthu a mu ofesi sawerenga timalemba ting'onoting'ono, amangoona chithunzi. M'mawa mwake Mayi Ok, olandira alendo, anangoti maso pakhoma, misozi mbwembwembwe. Pofika teni koloko, pafupi ndi chikepe panali pataima nkhata yaikulu ya maluwa, ndipo khoma linali litadzaza timapepala tachikasu ta mawu achipepeso. Darae anaima kuseri kwa mzati, mantha ndi manyazi zitamugwira.

Chikepe chinatseguka. Anatuluka Bambo Pyo, atanyamula bokosi la mikate ya mpunga yoti atsanzikire anzawo. Mayi Ok anakuwa mpaka foni kugwa.

"Nanga mukundiyang'ana ngati mwaona mzukwa bwanji?" anafunsa mdalayo. Kenako anaona khoma. Anaika bokosi pansi, n'kuvala magalasi. "Ine? Liti? Bwanji osandiuza, ndikanavala suti."

Iwo anayamba kuwerenga timapepala tija kamodzikamodzi, osafulumira, mpaka anamatula kena n'kukakweza m'mwamba. Kanali ka Bambo Nam, mkulu wa alonda.

"Iwe Nam, wati ndinali ngati mkulu wako weniweni? Si iwe wakhala ukunditcha kamba zaka makumi awiri, ati ndimayendetsa galimoto ngati ndanyamula mazira?"

"Ndimayesa simuwerenga, akulu," anatero Bambo Nam, akubisa mpango wonyowa m'thumba.

"Walira?"

"Ndi chimfine."

Phokoso la kuseka linatulutsa Mayi Brandt mu ofesi. Mayi Ok atawafotokozera za maluwa oyera ndi zilembo zofiira, nkhope yawo inafiira kuposa dzina lija.

"Musadandaule, mayi," anatero Bambo Pyo. "Safunsa anadya phula, komabe inu ndinu mlendo. Amene ndikufuna ndi uyo wabisala kuseri kwa mzatiyo. Bwera kuno, mwana wanga. Zinadutsa m'manja mwako?"

"Inde, bambo."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Gongju."

"Ku Gongju anthu safa?"

Anthu anaseka, koma mdalayo sanaseke. "Unkadziwa?"

Darae anayang'ana abwana ake. Akanatha kunena kuti sanaonetsetse, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mdalayo anali atamutenga pa galimoto kangapo konse mvula ikugwa, kukamusiya pa siteshoni, ndipo bodza linakana kutuluka.

"Ndinkadziwa, bambo."

"Ndiye bwanji sunanene?" anafunsa Mayi Brandt.

"Ndinkaopa kuti mukwiya, simundilembera kalata."

"Ndiye unandipha chifukwa cha pepala?" anatero Bambo Pyo, akupukusa mutu. Anatsegula bokosi, n'kumupatsa mkate umodzi. "Idya. Pamaliro sachoka ndi njala. Koma udziwe, wakutsina khutu ndi mnansi. Mayiwa unawasiya ayende maliseche pamsika iwe nsalu uli nayo m'manja."

Mawu amenewo anamupweteka Darae kuposa kukalipiridwa. Mayi Brandt anatembenuka. Analowa mu ofesi n'kutseka chitseko, ndipo masiku awiri otsatira ankangomupatsa moni basi.

Lachisanu masana, Darae akulongedza kapu ndi masilipasi ake, anapeza envelopu pa desiki. Anaitsegula. Kalatayo inali yaifupi. Inati Seok Darae ndi wakhama, sachedwa, ndipo amalemba bwino. Mzere womaliza unati: "Amadziwa zambiri kuposa zimene amanena. Amene mumulembe ntchito, akakuuzani kuti zakongola, mufunseninso kachiwiri."