Dothi la Bambo Litamwa Madzi

Bambo anga mukatsutsana nawo, kaya ndi za mpira kaya za mvula, amangoloza nyumba yawo. Anaimanga okha adakali mmisiri wa njerwa, ine ndili kumsana kwa amayi, ndipo kwa iwo nyumba imeneyo ndi mboni pa mlandu uliwonse. "Yaima zaka zonsezi, ndiye mundiuza chiyani?" Akatero nkhani yatha.

Nditanena kuti ndimanga yanga pamalo otsala kuseri kwawo, kuti ndikhale pafupi ndi amayi amene mawondo awaukira, bambo sanadikire pulani. Ndinafika Loweruka lina n'kupeza atakumba kale ngalande za maziko, zipinda zonse, mizere yowongoka bwinobwino. Munthu wa imvi, yekhayekha, ndi piki ndi fosholo. Anandionetsa piki yopindika kunsonga.

"Waona? Dothi ili ndi mwala. Mphatso yanga ndi imeneyi, njerwa ugule wekha."

Ndinathokoza, koma mtima unali m'mwamba. A ku ofesi yovomereza mapulani anali atandiuza kuti kudera kwathu munthu samanganso asanayezetse dothi. Dothilo likalephera, ndiye kuti ngalande za bambo zapita pachabe. Nanga akawauze zimenezo ndani? Ine ayi.

Woyeza dothi anabwera m'mawa pa galimoto yodzaza migolo ya madzi. Anali mzimayi wa msinkhu wanga, wovala jombo, wosachulutsa zonena. Bambo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, wabwera kudzayeza kapena kudzachapa?"

"Zonse, bambo," anatero akutsitsa paipi.

Pambali pa ngalande zija anakumbitsa dzenje lofika m'chiuno. Amuna awiri amene anabwera nawo anakhetsa thukuta ndithu, piki ikungodumpha, bambo akuwaseka. Pansi pa dzenjelo woyezayo anaika chitsulo chozungulira ngati chivundikiro cha mgolo, pamwamba pake n'kusanjikiza zolemera kuti dothi limve ngati lasenza nyumba. Kenako analumikizapo kachipangizo konga wotchi, kamene muvi wake umayenda chitsulo chikatitimira ngakhale pang'ono. Tinadikira. Muvi uja unangogwedera n'kuima.

Bambo anaomba m'manja. "Amayi a mwana, tabwerani mudzaone! Sukulu yavomereza zimene ndinanena ine."

Ine ndinapuma. Koma woyeza uja anatenga paipi n'kuyamba kuthira madzi m'dzenjemo pang'onopang'ono, m'mbali mwa chitsulo.

"Aa, iwe! Dzenje labwinobwino ukulinyowetseranji? Amamanga m'madzi ndani?"

"Palibe, bambo. Koma madzi amabwera okha. Paipi imaphulika, chimbudzi chimatayikira, mvula imadikha pakhoma."

Mgolo woyamba unatha osaoneka kumene wapita. Wachiwiri chimodzimodzi. Amayi anatiitanira tiyi pakhonde, ndipo titabwerera tinapeza muvi ukuyenda. Osati mothamanga ayi, koma ukuyenda maso akuona. Chitsulo chinali chitalowa pansi kupitirira kutalika kwa chala changa, ndipo zolemera zija zinali zitapendekeka.

"Wafewetsa dala," anatero bambo, koma mawu anali atatsika.

Woyezayo anatola chibuma chouma pa mulu wa dothi n'kuwapatsa kuti aphwanye. Bambo anafinya ndi manja onse awiri, mitsempha n'kutuluka, chinakana. Woyezayo anawaonetsa timabowo tating'onoting'ono ngati ta buledi, kenako anachiponya m'kapu ya madzi. Chinatulutsa thovu n'kusungunuka pomwepo, tonse tikuona.

"Mkati mwake ndi mphako zokhazokha," anafotokoza. "Likauma limagwirana, limathyola piki. Likamwa madzi litasenza katundu, mphako zija zimatsekeka, nyumba n'kutsika. Ndipo siitsika mofanana. Imatsika mbali imene yanyowa."

Bambo analoza nyumba yawo, monga mwa masiku onse. "Nanga iyi yaima bwanji?"

"Mwina sinamwepo madzi."

Zinali zoona. Nyumbayo ili pokwera, madzi a mvula amangodutsa, ndipo moyo wanga wonse tinkatunga pampopi wa kumsewu.

Woyeza anafunsa poti asambe m'manja, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinalumpha. "Bwerani kuno, tili ndi mpopi wathuwathu!" Ndinkanyadira nawo mpopi umenewo. Ndinaukoketsa ndine chaka chatha, kuti amayi asiye kusenza ndowa, ndipo ndinauza wamapaipi kuti auike pakhoma penipeni, pansi pa zenera la kuchipinda kwawo. Amayi amachapira pomwepo, ndipo anadzalapo tomato ndi anyezi m'mbali mwa khoma, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Pansi pake panali pobiriwira ndi ndere.

Mzimayi uja anasamba m'manja. Anaponda pansi ndi jombo, panabonyoka. Anakweza maso kutsatira khoma, nafenso tinatsatira. Kuchokera pakona ya zenera panali mng'alu wopyapyala, wotsika chopendekera m'mizere ya njerwa.

"Ndi penti imeneyo," anatero bambo.

"Penti?" Amayi anagwira m'chiuno. "Nanga chitseko cha kuchipinda chokana kutsekeka chija mwachipala kangati chaka chino? Tsiku lililonse kutukwana kalipentala, munthu woti anamwalira kalekale!"

Palibe amene anaseka. Nyumba yoima chiyambire ndili khanda, ndine amene ndinaibweretsera madzi, ndi chikondi changa chomwe. Zinandipweteka kwabasi.

Woyeza sanakometse mawu. Anati nyumba ya bambo ingapulumuke ngati mpopi uchoka, dimba lichoka, ndipo kuzungulira khoma aikepo simenti yotsetsereka kuti madzi azithawira kutali. Za yanga anati kumanga ndimanga, koma osati m'ngalande zimenezo. Malo onse akumbidwe mozama ndi makina, dothi linyowetsedwe, litsenderedwe, ndipo nyumba ikhale pa konkire imodzi yayikulu yokhala ndi zitsulo.

Bambo analowetsa chala mumng'alu uja. Ndinkayembekezera kuti aphulika.

"Mayi," anatero. Tsiku lonse anali asanamutchule choncho. "Mpopiwu ukhale kutali bwanji?"

Woyeza anayenda mpaka kumpanda, kumunsi kwa malo, n'kuima pamenepo. Amayi anga anayang'ana mtundawo, kenako anayang'ana mawondo awo.

Lolemba ndikuchokera kuntchito ndinadzera komweko. Pakhoma panali patatsala bowo lokha. Mpopi unali utaima kumpanda, womangirira pamtengo, ndipo tomato wa amayi anali m'matumba akale a simenti, atafota. Kuseri ndinamva fosholo.

Bambo anali akukwirira ngalande zawo. Chipinda chochezera chinali chitatha kale, anali pa khichini. Ndinavula nsapato n'kutola fosholo ina.

"Siya," anatero osatembenuka. "Ndinakumba ndekha."

"Bambo, a makina aja akabwera afukula zonse. Mukungodzivutitsa."

"N'chifukwa chake. Asadzapeze kuti bambo wako anafuna kukugoneka pa dothi lotere."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Bambo anaponya mafosholo ena awiri, anapukuta nkhope ndi malaya, kenako analoza ndowa yakale imene inali pakhonde.

"Ngati ukufuna ntchito, katunge madzi kumpandako. Amako asanyamule."